Dzina Langa M'pemphero la Zione

Amayi anzanga a Lachinayi, mundikhululukire kuti ndikuwerenga papepala. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ndikaima pamaso pa anthu lilime limauma, ndipo ndikati ndiyankhule za pamtima ndingoyamba kulira n'kukhala pansi. Sukulu ndinalekeza giredi sikisi, choncho ndalemba mmene ndimayankhulira. Amene Chichewa chikukuvutani, anzanu akunong'onezeni m'Chishona. Ine ndine Lusiya, make Zione. Dzina lachiwirili linanditayikapo pamene mwana anandichokera, ndipo ndikufuna kunena mmene zinakhalira.

Ndinabadwira pa komboni ya mgodi kuno ku Bindura. Bambo anamwalira ndi chifuwa cha mumgodi, mayi anawatsatira ndili wamng'ono, ndipo anandilera ndi amalume. Amalumewo ndiwo anali ankhoswe anga pamene ndinkakwatiwa ndi a Misheki, mwana wa ku Wadzanai ku Shamva, amene ndinakumana nawo ku tchalitchi. Ankagwira ntchito mu laibulale ya ku yunivesite uku akupitiriza maphunziro. Ankati anandikonda chifukwa sindilongolola. Amalume anamwalira Zione akukwawa, ndipo kuchokera pamenepo kumbali yanga kunalibenso munthu. Nthawi imeneyo sindinaone kuti ndi vuto, popeza mwamuna ndinali naye.

Ndikufotokozereni pang'ono ntchito yawo, chifukwa popanda iyo nkhani yanga simuimva. Anthu ophunzira akalemba pepala la kafukufuku, sachita ngati nzeru zonse ndi zawo. Amatchula anzawo amene analembapo kale, ndipo kumapeto kwa pepalalo amaika mayina awo onse. A Misheki anasonkhanitsa mapepala a anthu amene analemba za migodi ya dziko lino ndi moyo wa pa komboni, n'kumafufuza kuti ndani amatchula ndani. Loweruka masana ankayala mapepalawo patebulo. Ine ndinkakhala pamphasa, Zione ali kumbuyo, n'kumawerenga mayina mokweza, iwo akulowetsa mu kompyuta. Mayina a azungu ankandipunthwitsa, iwo n'kumaseka, inenso n'kumaseka. M'banja mwathu monse, masiku amene ndinkamva kuti ndikufunika anali amenewo.

Poyamba ndinkaganiza kuti ntchito yake ndi kungowerenga kuti uyu watchulidwa kangati, basi. Koma panali malamulo. Tsiku lina ndinawerenga dzina la munthu kumapeto kwa pepala limene analemba yekhayo. A Misheki anatenga cholembera chofiira n'kulikhwatcha. Anati munthu akadzitchula yekha amamuika padera, chifukwa aliyense angathe kudzikweza ndi pakamwa pake. Panalinso kagulu ka anthu amene ankangotchulana okhaokha, uyu amtchule uyo, uyo amtchule uyu, ngati amayi ozungulitsana chipereganyu. Amenewonso ankawaika chizindikiro chofiira, amati kutchulana kopangana sikulemera. Lamulo limene ndinalikonda linali ili: anthu awiri akamatchulidwa limodzi ndi munthu wachitatu, kompyuta imajambula mzere pakati pawo. Kaya awiriwo sanaonanepo, kaya amadana, mzere umajambulidwa ndithu, chifukwa m'maganizo mwa wowatchulayo ali pamodzi.

Ndinafunsapo ngati kompyuta imadziwa kuti munthu watchulidwa pomuyamikira kapena pomutsutsa. Anati siidziwa. Kuti udziwe umayenera kubwerera mkati mwa pepala, upeze pamene dzinalo lili, uwerenge mawu olizungulira. Anati ndi ntchito yochedwa ndipo ambiri amailumpha.

Mayina onse atalowa, pa kompyuta panatuluka chithunzi chonga ukonde wa kangaude. Munthu aliyense anali dontho. Otchulidwa kwambiri anali madontho akuluakulu pakati, mizere ikuchokera mbali zonse. M'mphepete munali timadontho tating'ono topanda mzere. Ndinaloza kamodzi n'kufunsa kuti ameneyo ndani. Anati ndi mayi wina amene analemba za akazi a pa komboni, koma palibe amene amamutchula kwenikweni. Kenako anauza kompyuta kuti ichotse onse otchulidwa pang'ono, chithunzi chioneke bwino. Timadontho tija tinazima, ukonde unatsala woyera. Ndinamumvera chisoni mayiyo ngakhale sindimamudziwa.

A Misheki atamaliza maphunziro anapeza malo okapitiriza ku Joni. Anzawo a ku tchalitchi anakonza phwando lotsanzikana pabwalo la nyumba imene tinkachita lendi. Ine ndinali kuseri ndi mapoto. A Misheki ataimirira kuthokoza anthu, ndinasiya kutsuka kuti ndimve. Anatchula Mulungu, aphunzitsi awo, abusa, mayi awo, anzawo a mu laibulale, mpaka Zione, amene anati ankawasangalatsa akatopa. Anthu anaomba m'manja, nyimbo n'kuyambanso. Ndinakhala ndi manja m'madzi a sopo mpaka madziwo anazizira. Alendo atapita ndinalimba mtima n'kufunsa. Anaseka, osati mwankhanza, n'kunena kuti:

"Iwe ndi ine ndife thupi limodzi. Kukutchula iwe kukanakhala kudzitchula ndekha, ndipo ukudziwa kuti zimenezo timakhwatcha."

Ndinaseka nawo.

Zotsatirazi ndizinena mwachangu, popeza ambiri mukuzidziwa. Anapita. Mafoni ankabwera, kenako anayamba kuchepa, kenako ndinkangoyimba ine. Uthenga woti ali ndi mkazi wina, wophunzira mnzawo, ndinaumva kudzera kwa apongozi anga, amene anabwera kudzandiuza maso ali pansi. Nkhani yotere amakambirana ndi ankhoswe, koma ine ndinalibe woti akakhale pansi m'malo mwanga. Nyumba ya mutauni ndinaisiya, ndinapeza kachipinda pa komboni yakale. Ndinayamba kuphika mazira n'kumakagulitsa kwa makorokoza, anyamata okumba golide m'maenje akale kuseri kwa phiri. Koma wogulitsa amafunika kukuwa, ine sindinkatha. Ndinkangoima ndi ndowa yanga ngati ndikudikira basi. Anyamatawo ananditcha Chimumumu, kutanthauza munthu wosayankhula.

Mayi wina wogulitsa fodya anandipatsa kabotolo kamodzi ka timowa taukali tija amati tumbwa, akuti kuti manyazi achoke. Anachokadi. Tsiku limenelo ndinakuwa, ndinaseka, ndinabwezera mawu mnyamata amene ankandinyoza, onse n'kuomba m'manja akuti, "Chimumumu chataura!" kutanthauza kuti chayankhula. Mazira anatha dzuwa lisanapendeke. Mowa unandipatsa chimene ndinabadwa ndilibe, pakamwa. Ndinayamba ndi kabotolo kamodzi popita ku maenje. Kenako kena pobwerera, kuti chipinda chisakhale chete. Kenako m'mawa, kuti manja asiye kunjenjemera. Ku tchalitchi ndinasiya. Mbale ndi mabulangete a paukwati ndinazigulitsa pang'onopang'ono. Zione ankadya mazira osweka ndi zimene anthu amupatsa.

Tsiku lina la dzuwa lowotcha, mvula isanayambe, ndinagona nditaledzera pamthunzi wa chigayo cha miyala. Zione, amene anali asanakwanitse zaka zinayi, anachoka pambali panga. Anamupeza atakhala pakamwa pa dzenje lakale, miyendo ili lende mkati, akuponya timiyala n'kumamvetsera kuti tigwa liti. Amene anamupeza ndi Anaphiri, mayi wamkulu amene amaphikira makorokoza chakudya pa chisakasa chake. Anamukwawira kumbuyo osayankhula, kuopa kumudzidzimutsa, n'kumugwira diresi. Ine ndinadzuka ndi madzi otsukira mbale kumaso. Anaphiri yemweyo ndiye anatumiza uthenga ku Wadzanai. M'mawa mwake apongozi anatsika kombi, analowa m'chipinda, anayang'ana mabotolo pansi pa bedi, anaika zovala za mwana m'jumbo, anamubereka ngakhale anali wamkulu, n'kupita. Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira.

Kuchokera tsiku limenelo palibe amene ananditchulanso make Zione. Koma musaganize kuti ndinaiwalika. Pa mjigo, pa chigayo, m'makombi, dzina langa linali pakamwa pa aliyense. Amayi ankaopseza nalo ana awo aakazi. Ndikanakhala pa chithunzi cha a Misheki, dontho langa likanakhala lalikulu pakatikati, popeza kompyuta siifunsa kuti akukutchulira chiyani. Wogogoda pachitseko panga ndiye panalibe. Ndinkamwa ndekha, kudya ndekha ndikakumbukira kudya, n'kumayankhula ndi kansapato kamodzi ka Zione kamene apongozi anakaiwala kuseri kwa chitseko. Mvula inagwa, inatha, kuzizira kunabwera, ine ndili momwemo.

M'mawa wina ndinadzuka mutu uli bwino, osati chifukwa cha nzeru zanga, koma kuti wogulitsa tumbwa anali atathawa apolisi. Ndinasamba, ndinatenga kansapato kaja, n'kukwera kombi ya ku Shamva. Apongozi anandilandira ngati mlendo wamba. Anandiyalira mphasa, n'kufunsa za ulendo. Zione anali atatalika, tsitsi lolukidwa bwino. Anandisuzumira ali kuseri kwa chitenje cha agogo ake, n'kuwafunsa m'Chishona ngati ndabwera kudzagulitsa zinthu. Nditamuonetsa kansapato anati si kake, kake n'kakakulu.

Apongozi anabweretsa tiyi ndi mbatata. Anali atamuphunzitsa mwana kupempherera chakudya m'Chichewa, kuti chilankhulo cha makolo chisamuthawe, ndipo m'pempheromo ankatchula anthu ake. Zione anagwirizanitsa timanja, anatsinzina mwamphamvu mpaka nkhope kukwinyika, n'kuyamba:

"Mulungu, dalitsani chakudyachi. Dalitsani agogo. Dalitsani adadi ku Joni. Dalitsani aphunzitsi a ku kireshi. Dalitsani Bhoki. Ameni."

Bhoki ndi galu wa apongozi.

Ine sindinatsinzine. Ndinali nditaweramitsa mutu, maso ali pamphasa, ndikuwerenga mayinawo limodzilimodzi monga ndinkachitira Loweruka lija, ndikudikira langa. Atanena ameni ndinadikirabe, kuganiza kuti mwina waiwala ndipo awonjezera. Anatenga mbatata n'kuyamba kusenda. Galu uja anali atagona pakhomo, akugwedeza mchira pomva dzina lake. Tiyi ndinamugwira m'manja osamwa. Mwana atatuluka kukasewera ndinafunsa apongozi ngati ndi iwo anamuuza kuti asamanditchule. Anandiyankha kuti:

"Atangofika ankayamba ndi inu. Kenako munasunthira kumapeto. Ine sindinamuletse. Anangosiya yekha."

Amayi anzanga, mwamuna atandisiya pa mayina ake ndinali ndi wom'dandaulira mumtima, ndinkati ndi kunyada kwa ophunzira. Koma mwana sanyada. Sanandichotse chifukwa cha mkwiyo. Ndinazima ndekha pang'onopang'ono, ngati kadontho ka m'mphepete kaja, ndipo chithunzi chake chinatsala choyera popanda ine. M'kombi pobwerera sindinalire. Ndinangoona kuti ndikafa mwezi umenewo, pemphero la Zione silisintha ngakhale liwu limodzi.

Mukanaganiza kuti pamenepo ndinachenjera. Ayi, ndinayamba ndi kupusa. Ndinadziletsa kumwa masiku ochepa, ndinagula masiwiti, n'kubwereranso ku Wadzanai. Apongozi ali kukhitchini ndinamuitanira Zione kuseri kwa nyumba, ndinamudzazira masiwiti m'thumba la diresi, n'kumunong'oneza kuti popemphera anditchule. Anavomera ndi mutu, tsaya lili tu. Nthawi ya tiyi anatsinzina monga kale, anatchula onse aja mpaka Bhoki, kenako anati:

"Dalitsaninso amayi awa andipatsa masiwiti kuti ndiwatchule. Ameni."

Apongozi anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinafuna nthaka ing'ambike. Manyazi omwewo anandikankha kuyankhula, ndipo ndinayankhula zambiri kuposa tsiku lina lililonse ndisanamwe. Ndinagwada, ndinati ndasintha, mowa ndasiya, ndine mayi wabwino, andibwezere mwana wanga. Anandisiya mpaka mawu anandithera. Kenako anati zonsezo amva, koma wanena ndine, ndipo zimene wanena mwana anena ndi masiwiti. Anandikumbutsa kuti kwathu munthu sadziyankhulira yekha pa nkhani yotere, n'kufunsa kuti ankhoswe anga ali kuti. Ndinati anamwalira, monga ankadziwa kale.

"Ndiye mubwere ndi munthu amene wakuonani ndi maso ake," anatero, "osati amene mwachita kumuuza."

Apongozi anga sanaonepo cholembera chofiira cha mwana wawo, koma tsiku limenelo anakhwatcha zonse ziwiri, kudzitchula ndekha ndi kutchulidwa kopangana. Njira yonse yobwerera ndinkafufuza munthu. Ku tchalitchi ndinali nditasowa kalekale. Oyandikana nawo ankandidziwa ndi phokoso. Mayi wa fodya akanandinenera chilichonse nditamugulira kabotolo, ndipo n'chifukwa chake mawu ake sakanalemera. Panatsala munthu mmodzi amene anandiona ndili pansi penipeni, amenenso apongozi anamukhulupirira kale. Ndinkadana naye kuposa wina aliyense.

Ndinazungulira chisakasa cha Anaphiri kangapo ndisanalowe. Anali akudula kabichi, ndipo sanadzutse mutu. Ndinayamba kufotokoza, mawu akuduka, iwo n'kundidula kuti akudziwa chimene ndabwerera, nkhani za ku Wadzanai zimakwera kombi yomweyo imene ndimakwera ine.

"Iwe mtsikana, ine sindinamizira munthu. Ndikapita kumeneko ndikanena zimene ndaona, zokoma ndi zonunkha zomwe. Pakali pano ndaonapo zonunkha zokha. Mbale izo."

Ndinatenga mbale n'kuyamba kutsuka.

Tsopano ndinene zimene ndinachita, mwina wina pano zimuthandiza. Masiku oyamba thupi linkanjenjemera, thukuta, kusanza, ndipo ndinaswa mbale zingapo. Anaphiri ananditengera ku kiliniki, anesi anandipatsa mankhwala n'kundichenjeza kuti munthu amene wamwa kwambiri sayenera kulimbana ndi kunjenjemerako yekha m'chipinda. Musachite manyazi kupitako. Ndinasintha njira yopita ku maenje, ndinkazungulira kutali kuti ndisadutse pa mayi wa fodya. Mabotolo opanda kanthu ndinawatulutsa onse, chifukwa ngakhale fungo lake limaitana. Nthawi yoipa kwa ine inali madzulo, ntchito ikatha, pamene aliyense akupita kwa anthu ake. Choncho ndinapempha kuti ndizisenda mbatatesi za m'mawa mwake pomwepo pa chisakasa mpaka dzuwa lilowe, manja akhale ndi chogwira. Anyamata anabwerera kunditcha Chimumumu, ena n'kumati ndinali wosangalatsa ndikamwa. Zinandipweteka, koma ndinaona kuti kutsuka mbale sikufuna kukuwa.

Ku Wadzanai ndinkapitabe ndikapeza mpata, koma ndinasiya kupempha. Masiwiti sindinatengenso. Ndinkafika, kuchapa zovala za Zione, kumuluka tsitsi akalola, kutunga madzi a apongozi, kumwa tiyi, n'kubwerera. Pemphero linali lomwe lija, Bhoki ali momwemo, ine mulibe. Ndinaphunzira kunena ameni pa pemphero lopanda dzina langa. Kunonso kwa inu ndinabwerera nthawi imeneyo. Ena mukukumbukira kuti ndinkakhala pa benchi ya kumbuyo n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe.

Ndinagwanso kamodzi. Ndinamva kuti mkazi wa a Misheki wabereka mwana wamwamuna, ndipo miyendo inanditengera yokha pa njira yakale. M'mawa mwake ndinafika pa chisakasa mochedwa, maso ofiira. Anaphiri anandinunkhiza ali patali. Ndinayembekezera kuthamangitsidwa, kapena kuti andilonjeze kuti abisa. Anangoti zimenezinso akanena, n'kundilozera mbale. Ndinalira ndikutsuka, chifukwa ndinkaona kuti zonse zapita. Koma mawa lake ndinabwera, ndi mkuja womwe.

Mvula ina inagwa n'kutha. Tsiku lina Anaphiri anavala chitenje chatsopano, anatseka chisakasa, n'kundiuza kuti tikwere kombi. Ku Wadzanai amayi awiriwo anakhala pamphasa imodzi, ine ndinakhala patali pang'ono, mutu pansi, monga amakhalira munthu amene akumuyankhulira. Kwa nthawi yoyamba kusayankhula kwanga kunali pamalo pake. Anaphiri anayambira pa dzenje, miyendo ya mwana ili lende. Ananena za mbale zosweka. Ananena za tsiku la maso ofiira, osachepetsa kalikonse. Kenako ananena zina zimene sindinkadziwa kuti ankaziona: kuti ndimafika iwo asanafike, kuti mnyamata wina anandiikira kabotolo m'thumba la epuloni ine n'kukathira m'ngalande, kuti madzulo ndimasenda mbatatesi ndikung'ung'udza nyimbo ya ana. Sananene kuti ndine munthu wabwino. Apongozi anafunsa funso limodzi lokha, ngati iwowo angandisiyire mwana wawo. Anaphiri anati akapita kukagula zinthu ku tauni, mdzukulu wawo wakhanda amatsala kumsana kwanga.

Pambuyo pake apongozi anandiuza kuti chimene chinawakhulupiritsa ndi tsiku la maso ofiira lija. Akanamva zokoma zokhazokha akanadziwa kuti tapangana. Ndinakumbukira zimene a Misheki ankanena, kuti sikokwanira kuwerenga kuti dzina latchulidwa, umayenera kumva mawu olizungulira ndi kudziwa amene akulitchula. Apongozi anagamula kuti kireshi ikatsekera adzabwera naye Zione okha, adzaone pamene ndikugona, ndipo akakhutira adzamusiya.

Sindikufuna kukunamizani kuti zonse zinakoma. A Misheki sanabwerere, ndipo sindikudziwa ngati dzina langa limatuluka pakamwa pawo. Manyazi ndikadali nawo. Madzulo ena njira yakale imandiitanabe, ndipo ndimakhala pansi n'kugwira mwendo wa bedi mpaka kuitanako kutadutsa. Koma ngati pano pali wina amene akubisa kabotolo m'thumba la ufa, kapena amene mwana wake akukulira kwa anthu ena, ndikuti usataye mphamvu ndi kulumbira kuti wasintha. Pakamwa pako anthu analeka kupamvera, ndipo sanalakwe. Usagulenso wokunenera. Pita kwa munthu amene anakuona uli m'matope, amene saopa kukunena, ukakhale pamene maso ake akukuona tsiku ndi tsiku. N'zochedwa, ndipo masiku ambiri udzakhala wekha.

Apongozi ndi Zione anabwera Loweruka m'mawa. Chipinda ndinali nditachikolopa mpaka simenti kuwala, ndipo Anaphiri anandibwereka makapu. Apongozi analowa, anayang'ana pansi pa bedi osabisa kuti akuyang'ana, anatsegula kabati, anagwira bulangete kuona ngati ndi lokwanira mwana. Zione ankazungulira m'chipindamo akugwira zinthu, n'kupeza kansapato kaja pawindo, n'kufunsa kuti mwini wake ali kuti. Ndinati anakula.

Ndinaika tiyi ndi mbatata pamphasa. Zione anagwirizanitsa manja. Ulendo uno ndinatsinzina, chifukwa ndinali nditasiya kuwerenga.

"Mulungu, dalitsani chakudyachi. Dalitsani agogo ndi amayi. Dalitsani adadi ku Joni. Dalitsani Bhoki watsala yekha kunyumba. Ameni."

Sanaime pa dzina langa, sanandiyang'ane, analinena ngati lakhalamo masiku onse. Agogo ndi amayi, mpweya umodzi. Ndinakumbukira mzere uja umene kompyuta imajambula pakati pa anthu awiri otchulidwa limodzi, kaya iwo akufuna kaya sakufuna. Nditatsegula maso ndinapeza apongozi akundiyang'ana. Kenako anasuzumira m'kapu mwawo, anatulutsa jumbo la zovala za mwana limene anali atalikhalira nthawi yonseyi, analikankhira kumbali yanga, n'kunena kuti:

"Make Zione, shuga mumasunga pati?"